Tsiku la Kondi: Malonda Opanda Ndalama

Buku la ana lotchedwa Galimoto limayamba ndi bokosi lakale la nsapato. Kondi, mnyamata wa zaka 7, walitsegula, ndipo tisanaone amayi ake kapena nyumba ya kwawo tikuyamba taona chuma chake: mpira wachikulunga wa majumbo omangidwa ndi chingwe, mpeni umene anapanga yekha ndi chitini, kachidole kovina ka mapesi, ndi timawaya tingapo timene wakhala akusunga. Wolemba akutsindika kuti zinthuzi mwiniwake ndi mwanayo, ndipo kutsindikaku kuli ndi chifukwa. Kwathu kuno mwana wa msinkhu umenewu amagona pamphasa ya onse, amadya m'mbale imodzi ndi abale ake, malaya amavala osiyiridwa ndi mkulu wake. Chimene angachitche chake ndi chokhacho chimene watola kapena wapanga ndi manja ake. Tsamba loyambali ndi la mpamba. Munthu akuwerenga zomwe ali nazo asananyamuke ulendo wa malonda.

Bukuli analemba ndi Karen Lynn Williams, mayi wa ku America amene anakhalako kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pansi pa bungwe la Peace Corps. Zithunzi zake, za utoto wa madzi, anajambula ndi Catherine Stock. Linatuluka ku New York mu 1990, m'Chingerezi, ndipo ana amene ankaganiziridwa polemba ndi a kumeneko, oti chigayo sanachionepo. Ambiri akamalifotokoza amati ndi nkhani ya khama: mwana ananyozedwa ndi mkulu wake, sanagwe mphwayi, pomaliza galimoto inatheka. Zimenezo zilimo ndithu, koma ndi pamwamba chabe. Ine ndikamaliwerenga ndi ana a kuno ku Mwanza, kumene moyo wa paboma wagona pa kugula ndi kugulitsa, ndimaona buku la malonda. Tsiku limodzi lokha Kondi akupeza mawaya m'malo asanu, ndipo palibe pamene akutulutsa ngakhale tambala. Paliponse akulipira ndi china chake, ndipo mtengo wake ukunka nukwera kufikira pamene akuika thupi lake lomwe pachiswe.

Tiyambe ndi kuseka kwa Ufulu, mkulu wakeyo. M'mawu ake muli zinthu ziwiri: akuti mwana wa zaka 7 sangaithe ntchito yopanga galimoto ya mawaya, akutinso mawaya ndi ochepa. Kondi sakukangana naye pa za msinkhu. Akuyankha za mawaya zokha, kuti awapeza okwanira. Zaka sangazigule kwa munthu, koma mawaya ali kwinakwake, ndipo miyendo ali nayo. Yankho lalifupi limeneli ndilo likuyendetsa masamba onse otsatira.

Malonda oyamba ndi osavuta kuwamva. Mnzake, Gift, ali ndi mawaya, Kondi ali ndi mpeni, ndipo akusinthana. Mwana aliyense wakumudzi anazionapo zimenezi kwa akuluakulu nthawi yokolola, pamene m'midzi mumadutsa anthu osinthitsa mabeseni, mbale ndi mchere ndi chimanga. Koma onani luso la wolemba. Mpeniwo anationetsa kale pa tsamba loyamba, anatiuzanso kuti mwanayo anaupanga yekha, ndiye ukamachoka m'manja mwake timamva kuti wataya kanthu. Wapereka chinthu chotha kale, chogwira ntchito lero, n'kulandira zidutswa zimene pazokha sizichita kalikonse. Ukafunsa ana ngati anachita bwino, amagawanika. Ena amati mpeni ndi wa mtengo wapatali kuposa timawaya. Amene anapangapo galimoto amati zitini zili paliponse, mpeni wina aupanga mawa, koma waya wabwino sapezeka wamba. Mkangano umenewu ndi phunziro loyamba la mtengo wa zinthu, ndipo ana amaliphunzitsana okha wamkulu atangokhala chete.

Kuchoka apo akuthamangira kugolosale ya m'bale wa makolo ake. Awa ndi malo amene ndalama imalamulira, ndipo mwana wopanda ndalama sayenera kukhala ndi mawu. Kondi sakupempha siwiti, sakuloza chilichonse cha pashelefu. Akupempha mawaya a m'mabokosi akale olongedzeramo katundu, chinthu chimene kwa mwini golosale ndi zinyalala. Ali ndi zaka 7 koma wazindikira kale kuti chinthu chimodzi chomwecho chikhoza kukhala chuma kwa wina, chotaya kwa wina, ndipo wamalonda weniweni amakhala pakati pa awiriwo. Wamkuluyo akumupatsa chifukwa ndi mwana wa pabanja. Malipiro apa ndi chibale, ndipo chibale si chaulere. Akulu anati kupatsa n'kuika. Mawa mwana yemweyu adzatumidwa kukatenga chenji kapena kudikirira golosale, ndipo sadzakana.

Pachigayo ndi pamene ine ndimakhalitsa. Kondi akudziwa kuti pamene pali injini pali zitsulo zotha ntchito. Koma pakhomo pali mzere wautali wa amayi akudikira kugayitsa chimanga chawo. Mwanayu akudzipanikiza mpaka kutsogolo. Amayi akukwiya, ndipo atamva kuti chimene chikuwachedwetsa ndi choseweretsa cha mwana, kudandaula kukuwonjezeka. Wachigayo akumulola kukatola pa mulu wa zitsulo zakale, nkhani n'kupitirira. Bukuli silikhalitsa pa mkwiyo wa amayiwo.

Mwana wa ku New York akhoza kuona amayiwa ngati chopinga chinanso panjira ya ngwazi yake. Mwana wa kwa Kanduku kapena kwa Nthache sangawaone choncho, chifukwa mzerewo amaudziwa ndi miyendo yake. Amadziwa kulawirira ndi thumba pamutu, kupeza magetsi atathima, kukhala pansi pa mtengo mpaka dzuwa kupendeka, kwinaku kunyumba anthu akudikira ufa wa nsima ya madzulo. Pa mzere wa kuchigayo pali lamulo losalembedwa limene aliyense amalisunga: thumba kapena dengu limaimira mwini wake, ukhoza kuchoka kukagula sopo n'kupeza malo ako osakhudzidwa. Wolowerera waba nthawi ya anthu onse amene ali kumbuyo kwake. Amayi a m'bukuli akunena zoona. Ndimawapempha owerengera ana kuti asawasandutse oseketsa powapatsa mawu okalipa a m'sewero, chifukwa pakati pa ana akumvetserawo pali ena amene amayi awo anaima pa mzere wotero dzulo lomweli. Apa Kondi walipira ndi ulemu wake. Watuluka ndi mawaya, koma wasiya mbiri ya mwana wopanda mwambo pakati pa amayi amene mawa adzakumana ndi amayi ake kumjigo.

Pali chinanso chimene bukuli likunena mosakweza mawu. Tayang'anani kumene akazi ali m'nkhaniyi: pa mzere wa kuchigayo, ndiponso pamtondo madzulo pamene Kondi wakhala pamthunzi kupinda mawaya ake. Tsiku lonse ndi lake. Sitikumuona akutumidwa kukatunga madzi kapena kubereka mwana. Atsikana a msinkhu wake amene amabwera kudzamvera nkhaniyi, ena mng'ono wawo ali kumsana, amachiona chimenechi msanga ukangowafunsa kuti iwo nthawi yozungulira tauni yonse akanaipeza kuti. Williams sanalakwitse. Analemba zimene anaona ndipo anaona bwino. Koma ngati wowerenga adutsa pamenepa osaima, mtsikana amachoka ataphunzira kuti kupanga zinthu ndi kwa anyamata, iye malo ake ndi pa mzere. Funso limodzi lokha limakwanira kutsegula nkhaniyo, ndipo kawirikawiri amayankha bwino kwambiri ndi atsikanawo, amene amadziwa kupanga miphika ya dothi, timbaula ndi ana a chitsononkho m'mphindi zochepa zimene amapeza pakati pa ntchito.

Pa mulu wa kuchigayowo Kondi akupeza timawaya topyapyala tokutidwa ndi pulasitiki wa mitundumitundu, ndipo akudziwa kale ntchito yake: akasenda chikutocho, ndito tomangira. Kuyambira pamenepa sakutola chilichonse chimene chili waya. Akusankha. Galimoto yonse ili kale m'mutu mwake, ndipo akudziwa mbali imene ikusowa. Ana amene anapangapo galimoto amaimva msanga mfundo imeneyi. Amakuuza kuti pamafunika waya wonenepa wa chimango, wolimba wa ekiselo, ndi wofewa womangira, ndipo ukasowa wofewayo ntchito yonse imaphwasuka pa dzenje loyamba.

Tinene za zithunzi. Ku Japan kuli mabuku a ana amene tsamba lake limadzaza ndi tinthu tambirimbiri, loti mwana aliwerenge ndi chala. Mitsumasa Anno, amene anayamba ali mphunzitsi wa pulayimale ndipo analandira mphotho ya Hans Christian Andersen mu 1984, anajambula buku lonse la msika wa zinthu zakale popanda nkhani yolembedwa, lodziwika m'Chingerezi ndi dzina loti Anno's Flea Market. Bwalo la mzinda limayamba lopanda anthu, kenako limadzaza ndi ogulitsa ndi katundu wawo, tsamba ndi tsamba. Mu 2015 wojambula wina, Morinaga Yo, anatulutsa buku loonetsa tsiku limodzi pa msika wa nsomba wa Tsukiji ku Tokyo, umene unatsegulidwa mu 1935. Mu Okutobala 2018 mbali yopikulitsa nsomba ya msikawo inasamukira ku Toyosu, ndipo bukulo linatsala ngati mboni ya ntchito imene pamalopo palibenso. M'mabuku oterewa mwini nkhani ndi msikawo, ndipo mwana amasankha yekha munthu woti amutsatire.

Galimoto si buku lotero. Diso la Stock likutsatira mwana mmodzi, ndipo golosale, chigayo ndi anthu ena onse tikuwaona modutsa, m'mbali mwa Kondi. Komabe pa mabuku ochepa a zithunzi onena za Malawi, ili ndilo limayendetsa mwana m'malo amene anthu athu amapezera ndalama, ndipo kawerengedwe koyenera ndi komwe kaja ka chala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsamba lisatembenuzidwe mawu akangotha. Mawu a tsamba limodzi amatha msanga, koma ana amafuna kuona amene wavala nsapato ndi amene ali chapansi, chimene mayi uja wasenza, mtundu wa chitenje chake, amene wakwiyadi ndi amene akungoonerera. Utoto wa madzi sudula malire akuthwa, nkhope zina zimangokhala madontho ochepa, ndipo ana amadzaza okha zotsalazo ndi nkhope za anthu a kwawo. Nthawi zambiri wamkulu ndiye amatopa msanga. Maso ake anazolowera kuthamangira zilembo, pamene mwana amene sanayambe kuwerenga amaona tsamba lonse.

Malo achinayi ndi pachulu. Kamtsikana kena kakutokosa dzenje ndi waya wautali, wolimba, kufuna kutulutsa tizilombo ta m'chulumo. Kondi akukauza kuti pali njira ina yabwino kuposa wayayo, ndipo akuchoka wayayo ali m'manja mwake. Apa ndalama yake ndi lilime. Kodi wathandiza kamwanako kapena wakapusitsa? Ana athu amadziwa kuti agang'a amakoledwa ndi udzu osati chitsulo, ndiye ambiri amati ananena zoona kuti waya sichinali chida choyenera. Ena, makamaka aang'ono m'banja mwawo, amagwedeza mutu. Anakumana nazo kambirimbiri zoti wamkulu amabwera ndi mawu okoma pamene wasirira chinthu chako. Onse awiri akunena zoona, ndipo ine sindimawaweruza. Ndi mmene kunenerera kumakhalira. Nyengo ya manachesi, m'miyezi yozizira, imani pamsewu pano pa Mwanza muone basi ikaima. Wogula ali pawindo ndipo akudziwa kuti wogulitsa zipatso zake sizingadikire sabata yamawa. Wogulitsanso akudziwa kuti basi ikunyamuka ndipo wogula alibe nthawi yoyang'ana pansi pa mulu. Aliyense ali ndi chimene mnzake sakuchidziwa, ndipo chilungamo cha malondawo chimadalira mmene aliyense akugwiritsira ntchito mwayi wakewo. Ana a ogulitsa manachesi safuna kuwafotokozera zimenezi. Amangofuna mpata woti anene.

Malo achisanu ndiwo oopsa, ngakhale bukuli likuwadutsa mopepuka. Kuseri kwa malo okonzera njinga kuli dzala, ndipo padzalapo pali zimene Kondi akusowa. Pakati pali mpanda. Mwanayu akukwera mpandawo, ndipo pakumveka mfuu yoti wakuba. Anthu akusonkhana, wapolisi akufika. Kondi akufotokoza kuti akufuna mawaya opangira galimoto basi, wapolisi akumusiya, anthu akubalalika. Kwa amene bukuli linalembedwera, ichi ndi chiopsezo chaching'ono chokometsera nkhani, chotha tsamba lisanatembenuzidwe kawiri.

Kuno mfuu imeneyo si yokometsera nkhani. Mwana amene anakulira pafupi ndi msika kapena depoti amadziwa chimene chimatsatira munthu akakuwiridwa kuti wakuba. Anthu amathamanga asanafunse chimene chabedwa, ndipo amene wafika pomaliza amamenya kuposa mwini katundu. Mu Epulo 2016 ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inadandaula poyera kuti m'miyezi iwiri yokha anthu osachepera 16 anali ataphedwa ndi magulu a anthu olusa m'Malawi muno. Ndikafika pa tsamba limeneli ana amakhala zii, ndipo bata limenelo si la ana osangalala ndi nkhani. Akuopera mnzawo. Ndi kulakwa kuthamangira kuwatonthoza ndi tsamba lotsatira ngati kuti palibe chimene chachitika.

Chimene chikupulumutsa Kondi ndi chinthu chimodzi: pali munthu wamkulu amene wafunsa, n'kumvetsera yankho. Wapolisiyo sakuchita chachilendo chilichonse. Akungopereka mpata woti mwana alankhule, ndipo choonadi chikupezeka kuti ndi chaching'ono kwambiri, zinyalala zimene mwini wake anataya kale. Malamulo athu lero amati mwana wosakwana zaka 10 sangaimbidwe mlandu, koma gulu la anthu silifunsa zaka. Tsamba limeneli ndi la akuluakulu kuposa ana. Limatifunsa ngati pakati pathu pangapezeke munthu woima n'kufunsa kuti mwanawe, ukufuna chiyani. Kwa ana nakonso pali chonena, ndipo chiyenera kunenedwa mosazungulira: Kondi analakwa kukwera mpanda. M'malo ena onse anayamba walankhula ndi mwini chinthu, ngakhale pachigayo paja pamene anadumpha mzere. Apa pokha ndi pamene anatenga osapempha, ndipo apa pokha ndi pamene akanavulala. Wolemba anayala malo asanuwa mwadongosolo lotere kuti mwana aone yekha kusiyanako.

Agogo amene ankagulitsa pamsika m'zaka za m'ma 1980 akaliona bukuli adzakumbuka chimene mulibemo. M'nthawi ya Kamuzu pachipata cha msika pankaima anyamata a malaya ofiira kufunsa khadi la chipani cha Malawi Congress Party, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa ndi dengu lake. Kuno ku Mwanza zaka zomwezo magalimoto opita ku Zimbabwe ankadutsa njira ya ku Tete moperekezedwa ndi asilikali chifukwa cha nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, ndipo midzi yathu inalandira othawa nkhondo ambirimbiri. Buku la ana aang'ono silikakamizika kunena zonsezi. Koma wamkulu adziwe kuti Malawi wa m'masambawa ndi wosankhidwa, wofatsa kuposa mmene zinthu zinalili. Ngati pakhomo pali agogo, ndi bwino kuwapatsa bukuli m'manja, chifukwa iwo akayamba kufotokoza za msika wa nthawi yawo, ana amalandira buku lachiwiri limene palibe analisindikiza.

Tsopano Kondi wabwerera kumudzi, wakhala pamthunzi wa mitengo ya maluwa ofiira, ndipo nkhani yonse ikufatsa. Kuthamanga kwatha, kukambirana kwatha, zatsala ndi zala zokha. Ndimakonda kuti wolemba sanailumphe ntchitoyi. Akanatha kutichotsa padzala paja n'kutiponya pa galimoto yotha kale, koma akutisiya tikhale naye mwanayo pamene akusanja, kupinda ndi kumanga. Chimene chikutuluka ndi pikiapu, yonyamula chimanga kupita nacho kutauni, mlongoti wa wailesi uli pamwamba. Sanapange galimoto ya bwana. Wapanga galimoto ya malonda, yonyamula chinthu chomwe chija chimene amayi anaima nacho pa mzere ndipo ena akusinja pambali pake. Mwana amene tsiku lonse wakhala akusinthanitsa zinthu akulota zokhala pakati pa mudzi ndi msika waukulu.

Mwana wa ku Mwanza akanapanga ina. Msewu wa M6, wochokera pa Zalewa kupita kuchipata cha dziko moyang'anizana ndi Zobue, umadutsa pakati pa moyo wake, ndipo tsiku lililonse amaona mathiraki atandandalikana kudikira mapepala: onyamula feteleza, mathanki a mafuta, ena okoka ngolo ziwiri. Amaonanso sitima yaitali ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala pa njanji imene kampani ya Vale inamanga kudutsa Mwanza ndi Neno. Ndiye magalimoto a ana a kuno amakhala ataliatali, a matayala ambiri, ndipo amisiri ake amakangana za mmene ngolo ingakhotere popanda kugubuduzika. Akaona pikiapu ya Kondi amaiyamikira, kenako amayamba kuikonza ndi pakamwa.

Chimene chasintha kwambiri ndi mawayawo. Katundu wa m'magolosale masiku ano amabwera m'makatoni omata ndi tepi. Zitsulo zotha ntchito zinapeza msika, ogula amayenda ndi sikelo m'midzi, ndiye wachigayo kapena wokonza njinga za kabaza sangasiye mulu wa zitsulo kuti ana atole. Zimene zinali zinyalala m'nthawi ya Kondi lero ndi ndalama. Ana sanasiye kupanga magalimoto, anangosintha zipangizo: mabotolo a pulasitiki, mapaketi a Chibuku, zitsekerero za mabotolo, matayala odulidwa ku mapatapata akutha. Ichi ndi chifukwa chake tsamba la mpanda lija likulemera kwambiri lero kuposa mu 1990. Mwana wofunafuna waya lero akulimbirana ndi akuluakulu ofuna ndalama, ndipo waya amene angamuone msanga ndi wa pampanda wa munthu kapena wa magetsi. Ukamaliza kuwerenga bukuli ana amabalalika kukasaka mawaya tsiku lomwelo. Asanapite auzidwe momveka kuti waya wolendewera pa mtengo wa magetsi, ngakhale atagwera pansi, sakhudzidwa.

Bukuli ndi la Chingerezi ndipo silipezeka wamba. Pulogalamu ya boma yolimbikitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016 inafikitsa mabuku m'makalasi oyambirira, koma amenewo ndi ophunzirira zilembo ndi maphatikizo, ntchito yofunika koma yosiyana ndi iyi. M'sukulu zambiri za mkombaphala ndi m'makomo buku la nkhani la zithunzi zamitundu ndi mlendo. Amene ali ndi kope limodzi asaope Chingerezicho. Aliwerenge yekha kaye mpaka alidziwe, kenako alifotokoze m'Chichewa ngati nthano, buku litayang'ana kwa ana, iye akuyang'ana nkhope zawo. Ana akhale pafupi moti aliyense athe kuloza. Lidzada ndi zala, ngodya zake zidzapindika, ndipo palibe choipa pamenepo, chifukwa buku losungidwa m'kabati ya ahedi kuopa fumbi silinawerengedwe ndi aliyense. Chinthu chimodzi chimene ndimakana ndicho kulisandutsa mayeso: Kondi anali ndi zaka zingati, anapita malo angati. Mafunso abwino ndi aja amene wamkulunso sakudziwa mmene ana ayankhire.

Ndimakananso kuthamangira kwa William Kamkwamba. Zoona, mnyamata wa ku Wimbe ku Kasungu uja anatola zitsulo zotayidwa n'kumanga makina opangira magetsi ndi mphepo, ndipo nkhani yake inatulukanso ngati buku la zithunzi mu 2012. N'zokopa kuuza ana kuti Kondi ndi Kamkwamba wamawa. Koma tikatero tikugwirizana ndi maganizo oti choseweretsa chilibe phindu pokhapokha chidzabale chinthu chothandiza akuluakulu. Bukuli silikulonjeza zimenezo. Galimoto ya Kondi siyatsa babu, sitiuzidwa kuti adzakhala injiniya. Malipiro ake onse ndi a usiku womwewo: mwezi wawala, anzake atuluka kukasewera, ndipo iye akuyendetsa chimene wapanga, anzakewo akumutsatira ndi nyimbo. Kwa mwana wa zaka 7 zimenezo n'zokwanira, ndipo wolemba anamulemekeza posamusenzetsa tsogolo la dziko.

Pa tsamba lomaliza Kondi akuganiza za mawa, kuti mwina galimotoyo adzaisandutsa ambulansi, ndege kapena helikopita. Owerenga ambiri amaona maloto a mwana. Ana opanga magalimoto amaona chinthu china chenicheni: kuti ambulansi itheke, pikiapu iyenera kumasulidwa. Mawaya ndi omwewo. Chimene wavutikira tsiku lonse, chimene anataya nacho mpeni, ulemu ndi mtendere wake, adzachiphwasula yekha kukacha, mosadandaula, chifukwa chuma chake ndi mawayawo pamodzi ndi luso la m'zala, ndipo zonse ziwiri zikadalipo. Apa ndi pamene mkangano womaliza umabuka pakati pa ana a kuno. Ena amati mawayawo akwanira ndege koma thiraki ya ngolo ziwiri sangakwanire, ndipo amayamba kuwerenga ndi zala kuti pangafunike masipoko angati. Ena amafunsa kumene angakapeze otsalawo, poti kuchigayo amayi aja akumudziwa tsopano, kwa okonza njinga sangabwerereko, ndipo mpeni wosinthitsa alibenso. M'bokosi muja mwatsala mpira ndi kachidole ka mapesi, ndipo ambiri amagwirizana kuti mpirawo asaugulitse.